Mphaka wanu akukana chakudya cham'chitini? Si matama, ndipo njala si mankhwala ake

Aliyense woweta mphaka amaidziwa nkhope ija. Mwatsegula kapaketi ka chakudya chonyowa kamene mwagula modula, mwathira m'mbale, mwamuitana. Iye wabwera pang'onopang'ono, wanunkhiza kamodzi, wakuyang'anani, kenako wayamba kupalasa pansi m'mbali mwa mbaleyo ngati akukwirira chonyansa. Akatero akukakhala pafupi ndi thumba la timibulu take touma, n'kumalira ngati sanadye chiyambire dzana.

Ambiri tikafika pamenepa timangoti, "Aaa, mphaka ameneyu ndi wamatama," n'kuzisiya. Ena amati, "Musiyeni, njala ikam'pweteka adya yekha." Ine ndimaweta amphaka awiri m'nyumba ya lendi ku Lilongwe kuno, ndipo ndikuti maganizo awiri onsewa sathandiza. Oyambawo amam'mana mphaka chinthu chimene thupi lake likufuna. Achiwiriwo akhoza kumupha.

Nkhani yagona pa madzi

Mwina mukuti, nanga ngati akudya timibulu take bwinobwino, ndivutikirenji? Chakudya chouma chili ndi ubwino wake ndithu. N'chotchipirako, sichiwonongeka msanga, ndipo mukhoza kumusiyira m'mbale inu n'kupita kuntchito. Palibe akuti muchitaye. Vuto lake ndi limodzi: mulibe madzi.

Amphaka onse a pakhomo anachokera ku mtundu wa vumbwe wa kumadera ouma a kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East. Anayamba kuyandikira anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, alimi oyamba atayamba kusunga mbewu, mbewa n'kuchuluka m'nkhokwe. Pachilumba cha Cyprus anafukulapo manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa limodzi ndi mphaka. Kumadera oumawo mphaka sankadalira chitsime. Madzi ankawapeza m'nyama imene wagwira, paja pafupifupi 70 peresenti ya thupi la mbewa ndi madzi. N'chifukwa chake mpaka lero mphaka samva ludzu msanga ngati galu.

Tsono yerekezerani. M'chakudya chouma, madzi amangokhala pafupifupi 10 peresenti. M'chakudya cham'chitini kapena cham'kapaketi amakhala 75 mpaka 80 peresenti, kufanana ndi mbewa ija. Mphaka wolemera makilogalamu 4 amafunika madzi pafupifupi mamililita 200 patsiku, kuphatikiza akumwa ndi a m'chakudya. Imeneyo ndi kapu ya tiyi yotsala pang'ono kudzaza. Kapaketi kamodzi ka magalamu 85 kamam'patsa mamililita oposa 60 asanalawe n'komwe madzi a m'mbale.

Mphaka wodya zouma zokhazokha amamwa madzi, inde, koma kawirikawiri safika pa mlingo umene amapeza mnzake wodya zonyowa. Mkodzo wake umakhala wochepa komanso wamphamvu, ndipo mumkodzo wotere timchere timaundana mosavuta n'kupanga timiyala. Kwa mphaka wamphongo izi n'zoopsa chifukwa njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo ikhoza kutsekeka. Mumangoona akupita pamchenga pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, osatulutsa kanthu. Akapanda kuthandizidwa, m'masiku awiri kapena atatu okha akhoza kufa.

Palinso chifukwa china chimene ambiri sitichiganizira mphaka akadali wamng'ono. Amphaka akamakalamba, ambiri amadwala impso, ena amazulidwa mano. Nthawi imeneyo dokotala wa ziweto amati, "Muzim'patsa chakudya chofewa," mwinanso amafuna kuti mankhwala muziwabisa mmenemo. Ngati mphakayo sanalawepo chofewa moyo wake wonse, mudzayamba kumuphunzitsa ali wodwala, alibe chilakolako, inunso mutima uli m'mwamba. Nthawi yabwino yomuphunzitsa ndi ino, ali bwinobwino.

N'chifukwa chiyani amakana?

Mphaka amayamba kudya ndi mphuno. Lilime lake lili ndi timalo tomvera kukoma mahandiredi ochepa chabe, pomwe ife tili nato masauzande. Mu 2005, akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia ku America anapeza kuti amphaka samva n'komwe kutsekemera. Shuga kwa iwo alibe tanthauzo. Chimene amachimva kwambiri ndi kukoma kwa nyama ndi nsomba, ndipo chimawakoka kuti afike pambale ndi fungo.

Chakudya chozizira chochokera mufiriji sichitulutsa fungo lokwanira. Kafukufuku wa bungwe la Waltham ku England amene anatuluka mu 2022 anayesa amphaka opitirira zaka 7 powapatsa chakudya chimodzimodzi chotentha mosiyana: madigiri 6, madigiri 21 ndi madigiri 37. Chimene anachikonda kwambiri ndi cha madigiri 37, ndipo cha madigiri 6 chinali chomaliza. Sizodabwitsa. Mbewa yongogwidwa kumene imakhala yofunda choncho.

Chachiwiri ndi mmene chakudyacho chimamvekera m'kamwa. Kamphaka kamaphunzira kuti chakudya n'chiyani m'miyezi yoyambirira ya moyo wake, poona zimene mayi ake akudya ndiponso zimene kakupatsidwa. Mphaka amene wakula akungokukuta timibulu amadziwa kuti chakudya chimalira kukutukukutu. Mukam'patsa chofewa chonanda, kwa iye chimenecho si chakudya. Zili ngati munthu amene wakula akudya nsima ndiye mwam'patsa supu m'kapu n'kumuuza kuti wadya. Akufunsani kuti nsima ibwera nthawi yanji.

Chachitatu ndi mantha. Mphaka amakayikira chinthu chachilendo, makamaka akakhala kuti sakumasuka, kaya mwasamuka kumene, kaya kwabwera alendo kapena galu watsopano. Komanso saiwala. Akadya chinthu kenako n'kusanza, kapena akakakamizidwa kudya ali wodwala, akhoza kudana ndi fungo limenelo kwa nthawi yaitali. Ngakhale kupalasa pansi kuja si chipongwe. Ndi chibadwa cha kutchire chokwirira chakudya chimene sakuchifuna panthawiyo.

Lamulo loyamba: asagone ndi njala

Galu wathanzi mukhoza kulimbana naye tsiku limodzi, mawa lake adya. Mphaka ayi. Akakhala masiku angapo osadya, thupi lake limayamba kutumiza mafuta ambiri kuchiwindi kuti lipeze mphamvu, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwagwiritsa ntchito mwachangu. Mafutawo amadzaza chiwindi mpaka chimalephera kugwira ntchito. Madokotala amawatchula matendawa kuti hepatic lipidosis. Mphaka amafooka, m'maso ndi m'nkhama mumachita chikasu, ndipo kumuchiritsa kumafuna milungu yambiri, nthawi zina mpaka kumudyetsa kudzera m'kapaipi. Amphaka onenepa, omwe aja timati ali ndi zosungira, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Choncho pa zonse zimene ndinene m'munsimu, chakudya chake chakale chisachoke. Tsiku lililonse azidya. Ngati papita maola 24 asanalawe chilichonse, m'bwezereni chimene anazolowera, ndipo akakana nachonso, pitani naye kwa dokotala. Kamphaka kakang'ono musadikire nako mpaka maola 24.

Njira yake, sitepe ndi sitepe

Ikani nthawi ya chakudya. Mbale ikakhala yodzaza usana ndi usiku, mphaka sakhala ndi chifukwa choyesera china. Yezani timibulu ta tsiku lonse motsatira zimene zalembedwa pathumba, mutigawe katatu kapena kanayi. Kwa ife ogwira ntchito zimatheka chonchi: m'mawa tisananyamuke, madzulo tikangofika, ndi usiku tisanagone. Chitani zimenezi kwa mlungu wathunthu musanayambe china chilichonse. Cholinga n'choti azifika pambale ali ndi chilakolako, osati ali wofooka ndi njala.

Yambani ndi kasupuni kamodzi, m'mbale ina. Musasakanize chonyowa ndi timibulu tsiku loyamba, chifukwa mphaka wosankha akhoza kukana zonse ziwiri. Ikani kasupuni ka tiyi kamodzi ka chonyowa pasosala, pafupi ndi mbale yake ya masiku onse. Musiyeni. Pakapita mphindi 20 kapena 30, chotsani. Mawa chimodzimodzi. Masiku oyamba ntchito ya kasupuniko ndi yongoti fungo lake lisiye kukhala lachilendo.

Fundiitsani. Thirani supuni imodzi ya madzi ofunda n'kutakasa, kapena viikani kapaketiko m'kapu ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo musanatsegule. Yesani kuseri kwa dzanja lanu ngati mmene amayesera mkaka wa mwana. Chikhale chofunda, osati chootcha.

Wazani chimene amachikonda pamwamba. Sinjani timibulu tingapo tikhale ufa, muwaze pamwamba pa chonyowacho. Opanga timibulu amatipaka mafuta ndi zonunkhiritsa za nyama kunja kwake, ndipo fungo limenelo ndi limene mphaka wanu amalidziwa kuti ndi chakudya. Akayamba kunyambita ufawo, lilime limakhudzanso cham'munsicho.

Sinthani kafewedwe musanasinthe kampani. Chakudya chonyowa chilipo cha mitundu ingapo: chosalala ngati chiponde, cha tizidutswa mumsuzi, ndi cha tizidutswa m'madzi oundana onanda. Mphaka wokana mtundu umodzi akhoza kulandira wina wa kampani yomweyo. Gulani kapaketi kamodzikamodzi, osati katoni yonse, mpaka mutadziwa chimene akufuna. Mtundu uliwonse muupatse masiku angapo musanaugamule.

Onaninso mbale ndi malo. Amphaka ambiri amadya momasuka pasosala kapena mbale yosazama, pomwe ndevu zawo sizikhudza m'mbali. Mbale ya pulasitiki yokalikakalika imasunga fungo lakale, choncho yachitsulo kapena yadothi ndi yabwinopo. Tsukuluzani sopo bwinobwino. Malo odyera akhale a phee, kutali ndi mchenga wake wodzithandizira. Ngati muli ndi amphaka angapo, aliyense adyere payekha, apo ayi wadyera uja amamaliza zonse wamanyazi akungoyang'ana.

Sewerani naye kaye. Kokani kachingwe pansi kwa mphindi zisanu, athamangitse, agwire. Mphaka anapangidwa kuti azisaka kenako n'kudya, ndipo akangomaliza kusewera chilakolako chimakhala pamwamba.

Musam'kakamize. Mukhoza kutapa pang'ono ndi chala n'kumuyandikizira kuti anyambite ngati akufuna. Koma kumugwira n'kumupaka m'kamwa kumangomuphunzitsa kuti fungo limenelo limabwera ndi nkhondo.

Akayamba kudya, onjezerani pang'onopang'ono. Tengani masiku 7 mpaka 10 kuchoka pa kasupuni kufika pa kapaketi. Mukathamanga, m'mimba mutseguka, ndipo mphaka adzaganiza kuti chakudyacho ndicho choipa.

Kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji? Amphaka anga awiri ndi umboni woti palibe yankho limodzi. Makala, wamphongo wakuda, ndinam'tola ali kamwana kuseri kwa msika komwe ankadya chilichonse chogwa pansi. Iyeyu anamaliza kapaketi koyamba ndisanatseke n'komwe kabati. Thobwa, wamkazi, ndinam'tenga ali ndi zaka ziwiri kwa banja lina limene linkasamuka, ndipo anali asanalawepo china kupatula timibulu. Mlungu woyamba sosala ankailambalala ngati muli njoka. Mlungu wachiwiri anayamba kuinunkhiza. Wachitatu ananyambita msuzi wokha, tizidutswa n'kutisiya touma. Pamenepo ndinazindikira kuti fungo walilandira, chimene chikumuvuta ndi tizidutswato. Nditasinthira ku chosalala chija, n'kuchisungunula ndi madzi ofunda mpaka chikhale ngati phala la mwana, anayamba kudya. Zonse pamodzi zinatenga milungu isanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikukhulupirira kuti amene ananena mawuwa ankawetanso mphaka.

Kutentha, nyerere ndi firiji

Chakudya chonyowa ndi nyama, ndipo nyama siichedwa kuwonongeka. M'miyezi yotentha ngati Okutobala ndi Novembala, musachisiye m'mbale kupitirira ola limodzi. Ntchentche zimaikiramo mazira, ndipo chikauma pamwamba mphaka sachifunanso. Nyerere zikakuvutitsani, khazikani sosalayo m'mbale yaikulu yokhala ndi madzi pang'ono.

Chotsala m'chitini chithireni m'kabokosi kotsekeka bwino, muike mufiriji, ndipo chithe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Kumbukirani kuchifunditsa musanam'patse. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi kwanuko amathimathima, timapaketi ting'onoting'ono ndi tabwino kuposa zitini zikuluzikulu. Pamasiku ophunzitsa aja, pomwe wosankhayo akungolawa kasupuni, chotsalacho chipite kwa mphaka winayo tsiku lomwelo. Ngati muli ndi mmodzi yekha, gwirizanani ndi mnzanu wapafupi woweta mphaka kuti muzigawana. Chonyowa muzipereka m'mawa kwambiri kapena madzulo kukazizira, touma tikhale ta masana.

Nanga thumba likwanitsa?

Tinene zoona, chakudya cha amphaka cha m'masitolo chimachokera kunja ndipo mtengo wake si wamasewera. Simukuyenera kumudyetsa chonyowa chokhachokha ayi. Kapaketi kamodzi patsiku, ngakhale theka, kuphatikiza timibulu, n'kusintha kwakukulu kale.

Koma mukawonjezera chonyowa, chepetsani chouma. Kapaketi ka magalamu 85 kali ndi mphamvu yofanana ndi magalamu pafupifupi 20 a timibulu. Mukapanda kuchotsa magalamu amenewo, pakatha miyezi ingapo mudzakhala ndi mphaka wonenepa, ndipo kunenepa kumabwera ndi shuga ndi kupweteka kwa mafupa. Timibulu tomwe mwapulumutsato timabwezanso kandalama pang'ono.

Werenganinso paketi musanalipire. Ikalembedwa kuti "complete", ndiye kuti muli zonse zofunika m'thupi la mphaka. Ikalembedwa kuti "complementary", chimenecho n'chongowonjezera, sichingakhale chakudya chake chachikulu. Ndipo musam'gulire chakudya cha agalu poti n'chotchipa. Mphaka amafunika taurine, chinthu chopezeka m'nyama chimene thupi lake silitha kupanga chokwanira. Mu 1987, dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a ku University of California ku Davis anasonyeza kuti kusowa kwa taurine kunkayambitsa matenda a mtima mwa amphaka, ndipo kuchokera pamenepo makampani anayamba kuwonjezera taurine m'zakudya za amphaka. M'chakudya cha agalu mulibe chitsimikizo choti taurine ndi wokwanira mphaka.

Usipa ndi zina za kukhitchini

Funso limene anzanga amandifunsa kwambiri ndi lakuti, "Bwanji osangom'phikira usipa?" Usipa ndi wothandiza zedi pokopa mphaka. Tsukani pang'ono, muwiritse m'madzi opanda mchere, opanda mafuta, opanda anyezi. Supuni imodzi ya msuzi wake wofunda pamwamba pa chakudya cham'chitini yagonjetsa amphaka ambiri ouma mutu. Msuzi wa nkhuku yowiritsa chimodzimodzi umagwiranso ntchito. Koma izi zikhale zokometsera, zosapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo, chifukwa nsomba yokha kapena mnofu wokha sizikhala ndi zonse zofunika m'thupi lake.

Ndiwo za mumphika wathu zisapite m'mbale ya mphaka. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimawononga magazi ake. Nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi lake akamazidya kawirikawiri. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya m'mimba. Mkaka, ngakhale amaukonda, umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Nsima imadzaza mimba koma siimanga thupi la nyama yodya nyama.

Pamene kukana si kusankha

Mphaka amene wakhala wosankha chiyambire ndi wosiyana ndi amene wayamba kukana mwadzidzidzi. Ngati ankadya bwino ndiye wasiya, yang'anitsitsani. Kodi akutuluka dovu, m'kamwa mukununkha, kapena akutafunira mbali imodzi? Mwina ndi mano. Kodi akuyetsemula, m'mphuno mukutuluka mamina? Mphaka wachimfine samva fungo, ndipo chimene sakuchimva fungo sadya. Kodi akuwonda, akusanza, kapena akumwa madzi modabwitsa? Zonsezi ndi za dokotala, osati za kasupuni. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA komanso madokotala ena oima paokha, ndipo m'maboma ena yambirani ku ofesi ya za ziweto.

Chonde, musam'patse Panado kapena mankhwala ena alionse okhala ndi paracetamol. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwasungunula, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumupha.

Mudziwa bwanji kuti zatheka?

Musayembekezere kuti mphaka wanu aiwala timibulu take. Sizofunika n'komwe. Ngati akudya chonyowa kamodzi patsiku popanda kumunyengerera, mwapambana. Umboni wake muupeza pamchenga: malo onyowa amakhala akuluakulu kuposa kale, fungo la mkodzo limachepa ukali, ndipo chimbudzi chake sichikhalanso chouma ngati timiyala. Musadabwe mukaona kuti wachepetsa kupita pambale ya madzi, chifukwa madziwo akuwapeza m'chakudya.

Alipo amphaka ena, makamaka okalamba, amene ngakhale patapita miyezi iwiri kapena itatu amakanabe. Ameneyo musalimbane naye. Ikani mbale za madzi m'malo awiri kapena atatu m'nyumba, kutali ndi chakudya ndi mchenga, muzisintha madziwo tsiku lililonse. Yesani kudonthezera madzi ofunda pang'ono pa timibulu take, n'kutaya totsala pakatha ola. Pakapita miyezi ingapo, yesaninso kasupuni kaja.

Ndipo ngati mwangotenga kumene kamphaka, muli ndi mwayi umene ena tonsefe tinausowa. Kapatseni zonse ziwiri kuyambira lero, chouma ndi chonyowa, chosalala ndi cha tizidutswa, cha nkhuku ndi cha nsomba, zonse zikhale zopangira ana a mphaka. Zimene kaphunzire m'miyezi yoyambirirayi n'zimene zidzakathandize kadzakakalamba, dokotala akadzati, "Kuyambira lero azidya zofewa."